Bokosi la sayansi ndi zomangamanga la ana aang'ono: zida zake n'zabwino, koma makadi ake muziwakayikira

Bokosili taligwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo ndi ana a zaka 2 mpaka 5, ndipo tikulipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Muli matabwa anayi otsetserekapo mipira, lililonse lotalika masentimita 60 komanso la kangalande pakati, mipira 6, magiya 12 a pulasitiki ndi thabwa la mabowo lowakhomapo, sikelo ya mbale ziwiri, maginito okhala ndi chogwirira, galasi lokulitsa zinthu, timachubu todonthezera madzi, makapu olembedwa mamililita, fanelo, magalasi oteteza maso, mabaluni, ndi makadi 30 ofotokoza zochita. Zida zambiri n'zolimba ndipo amene anazipanga anaganizira manja a mwana. Pofooka ndi pa makadiwo, komanso pa mawu amene alembedwa kunja kwa bokosi akuti n'loyenera kuyambira zaka 2.

Tiyambe ndi za zakazo, chifukwa zikukhudza moyo wa mwana. Malamulo a zidole ku America ndi ku Ulaya amayesa tizidutswa ndi kachubu kotakasuka mamilimita 31.7. Chinthu chikalowa chonse m'kachubuko, ndiye kuti mwana wosakwana zaka 3 akhoza kutsamwa nacho. Timitengo tokhomera magiya m'bokosili ndi ta masentimita awiri okha m'litali, ndipo timalowa mosavuta. Pa mipira muyeso wake ndi wina: mpira wa mwana wosakwana zaka 3 usamachepere mamilimita 44.5, poti chinthu chobulungira chimatseka kholingo kotheratu. Mipira inayi ndi ya mamilimita 50, ili bwino. Iwiri ya galasi ndi yaing'ono ngati mabo, ndipo imeneyo ichotseni tsiku lomwe mwatsegula bokosi. Mabaluni nawonso sungani patali, chifukwa baluni yosapopa kapena yophulika ndi yoopsa kwa mwana aliyense wosakwana zaka 8. Ngati mulibe choyesera, gwiritsani ntchito kachubu ka katoni kapakati pa pepala la kuchimbudzi. N'kotakasuka pang'ono kuposa kachubu ka malamulo kaja, choncho chilichonse chodutsamo musachisiye m'manja mwa mwana wa zaka 2.

Matabwa otsetsereka ndiwo akupangitsa kuti bokosili likhale loyenera kugula. Mwana wa zaka 2 amangoika mpira pamwamba, n'kuusiya, n'kuuthamangira, ndipo atha kubwereza kambirimbiri osatopa. Musamudule. Kubwerezako ndi kumene kumamuphunzitsa kuti mpira sukwera wokha ndipo sutsika thabwa likagona pansi. Wa zaka 4 amatha kupita patsogolo. Tsamiritsani thabwa pa chinthu chotalika masentimita 10, mwana asiye mpira popanda kuukankha, ndipo pamene waima mumatepo katepi. Kwezani thabwalo lifike masentimita 20, mubwereze, kenako 30. Timatepi titatu tija timaonetsa poyera kuti mpira woyambira pamwamba kwambiri umafika patali. Chofunika n'chakuti muzisintha chinthu chimodzi chokha nthawi iliyonse. Mukasintha mpira ndi msinkhu wa thabwa pamodzi, mwana sangadziwe chimene chabweretsa kusiyanako.

Zimene zimavuta apa ndi ziwiri. Thabwa likaimikidwa kwambiri, mpira umamenya pansi n'kudumpha m'malo mogubuduka, ndipo umaima pafupi kuposa mmene mumayembekezera. Pa thabwa la masentimita 60 musapitirire masentimita 30 m'mwamba, ndipo kumunsi kwake ikani kakatoni kopyapyala kuti mpira utsike bwino. China n'chakuti polumikizira matabwa awiri pamatsala kampata pafupifupi mamilimita awiri. Mpira woyenda pang'onopang'ono umaima pamenepo. Ikani thabwa lakumtunda kuti lisanjike pang'ono pamwamba pa lakumunsi, osati kungogundanitsa nsonga zake.

Khadi la mpikisano wa mipira likunena kuti mpira wolemera ndiwo umafika msanga pansi. Zimenezi n'zolakwika, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti zalembedwa m'bokosi lophunzitsira ana. Mipira iwiri yopanda mphako mkati, wina wolemera wina wopepuka, imafika pafupifupi nthawi imodzi. M'bokosimu mpira wa thabwa umapambanadi wa pulasitiki, koma chifukwa chake si kulemera. Wa pulasitikiwo ndi wamphako, kulemera kwake konse kuli kukhungu, choncho mphamvu zambiri zimathera pouzunguza m'malo moupititsa kutsogolo. Mwana wa zaka 4 simungamufotokozere zonsezi, ndipo palibe chifukwa. Ingomupatsani mpira wa thabwa ndi wa mphira, yonse yopanda mphako, aone yekha kuti ikufika limodzi, ndipo musamuuze zimene zili pa khadilo.

Magiya apangidwa bwino kwambiri. Alipo a mano 8, a mano 16 ndi a mano 24, ndipo manowo amalumana popanda kuphonyana. Kwa ana a zaka 3 kupita m'mwamba, yambani ndi magiya awiri okha. Mwana azunguze limodzi, aone kuti linzakelo likuzungulira mobwerera. Akaika lachitatu pa mzere womwewo, limazungulira mbali imodzi ndi loyamba. Pambuyo pake lembani kadontho ndi cholembera pa dzino limodzi la giya la mano 8, mulilumikize ku la mano 24. Lalikulu likazungulira kamodzi, laling'ono limazungulira katatu, ndipo ana odziwa kuwerenga mpaka 3 amasangalala kugwira kadonthoko pamene kakudutsa. Pali chinthu chimodzi chimene makadi sanatchule koma chimachitika kawirikawiri: mwana akaika magiya atatu moti lililonse likukhudza awiri enawo, onse amaima nji. Samakhala kuti aphwanyika. Giya lachitatu likukankhidwira mbali ziwiri zosiyana nthawi imodzi, ndiye silingayende. Musafulumire kukonza. Mufunseni kuti, "Tichotse liti kuti ayende?" Pamenepo mwana akuchita ntchito yeniyeni ya injiniya, kufufuza chimene chaletsa makina kuyenda. Vuto la magiyawa ndi timitengo tokhomera tija, timene kuwonjezera pa kuchepa timasowa msanga, ndipo m'bokosi mulibe tapadera.

Za soda ndi viniga. Khadi likuti masupuni akuluakulu atatu a soda wophikira pa mamililita 50 a viniga. Kumeneko n'kutaya soda. Viniga wamba amakhala ndi asidi magawo 5 pa 100 aliwonse, ndipo mamililita 50 amangosungunula magalamu atatu ndi theka a soda, osakwana n'komwe supuni yaing'ono. Wotsalayo amakhala phala pansi pa kapu, ndiye mwana amathiramo soda wina n'kudabwa kuti thovu silikubweranso. Muyeso wabwino ndi supuni yaing'ono imodzi yosasefukira, imene ndi magalamu pafupifupi 5, pa mamililita 70 a viniga. Mukadonthezamo kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale, thovulo limachedwa kuphwa chifukwa mpweya wa carbon dioxide umakodwa m'sopomo. Musayerekeze kutseka botolo ndi chivindikiro pamene zikuwira: supuni imodzi ija imatulutsa mpweya wopitirira lita imodzi.

Ife tikuona kuti njira ya pa khadiyi si yabwino kwenikweni kwa ana aang'ono, ngakhale muyeso utakonzedwa. Wamkulu ndiye amathira, mwana amangoonerera, ndipo pakatha masekondi ochepa zonse zatha. Njira yoposa ndi kuyala soda m'thireyi mokhuthala theka la sentimita, kuika viniga wa mitundu m'makapu atatu, n'kumupatsa mwana kachubu kodonthezera. Dontho lililonse limawira palokha, mwana ndi amene akusankha podontheza, ndipo zala zake zikulimba pofinya kachubuko. Avale magalasi oteteza maso, poti viniga amalasa m'maso ndi pa bala. Magalasi a m'bokosili amakwana bwino mwana wa zaka 4, koma lamba wake ndi wamkulu kwa wa zaka 3, ndiye mumange kamfundo kumbuyo.

Pa kusakaniza mitundu, madontho atatu a utoto wa zakudya pa mamililita 100 a madzi ndi okwanira. Mtundu wa buluu ndi wamphamvu kuposa wachikasu, choncho mukasakaniza mofanana mumapeza zobiriwira zoderako zopendekera ku buluu. Kuti zobiriwira zioneke bwino, thirani magawo atatu achikasu pa gawo limodzi la buluu. Mwana akasakaniza mitundu itatu, wofiira, wachikasu ndi wa buluu, amapeza madzi a bulawuni, ndipo zimenezo si kulakwa, n'zimene ziyenera kuchitika.

Maginito ndi otsekeredwa bwino m'pulasitiki, palibe poonekera msoko wotseguka. Komabe muziwayang'ana musanayambe, ndipo pulasitikiyo ikang'aluka atayeni osazengereza. Mwana akameza timaginito tiwiri tamphamvu, timakokana kudzera m'matumbo n'kuwaboola, ndipo zizindikiro zake poyamba zimangooneka ngati kupweteka kwa m'mimba wamba. Mukakayikira kuti wameza, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Pochita masewerawa, musamuuze mwana kuti maginito amakoka zitsulo zonse monga mmene khadi likunenera. Sakoka aluminiyamu kapena mkuwa, ndiponso masupuni ena osachita dzimbiri sakokeka. Ikani m'thireyi chivindikiro chachitsulo, supuni, kachidutswa ka aluminiyamu, thabwa ndi nsalu, zonse zikuluzikulu, mwana aziyamba walosera asanayese, kenako aziunjike m'milu iwiri. Chinthu chimodzi chotisangalatsa n'chakuti m'bokosi lonse mulibe chida cha batire. Timabatire tobulungira ngati batani tikakodwa kummero timatha kuwotcha mnofu m'maola awiri okha, choncho kusakhalapo kwake n'kwabwino.

Sikelo ndi yapakatikati. Polumikizira pake ndi pothina, moti zinthu zikasiyana ndi magalamu osakwana 10 siipendekeka, ndipo mwana amaganiza kuti n'zolemera mofanana. Kupakapo kandulo pang'ono kumathandiza, koma chabwino n'kuyerekeza zinthu zosiyana kwambiri, monga mwala waukulu ndi siponji. Galasi lokulitsa zinthu ndi la pulasitiki, limakalika msanga, ndipo ana amakonda kuliika pa diso m'malo moliyandikiza pa chinthucho. Asonyezeni kuligoneka pa tsamba kaye n'kumalikweza pang'onopang'ono. Musalisiye padzuwa, limatha kuyatsa pepala.

Makadi a zomira ndi zoyandama ndi abwino, makamaka limene likuti mwana aumbe dongo losewerera ngati mpira, alione likumira, kenako aliumbe ngati kabwato kuti liyandame. Kuti zitheke pamafunika dongo la mafuta, losasungunuka m'madzi. Dongo lopangidwa ndi ufa ndi mchere limafewa n'kuphwasuka. Makoma a kabwatoko akhale opyapyala ndi otalika sentimita imodzi kapena ziwiri. Madzi a masentimita 8 mpaka 10 m'beseni ndi okwanira, ndipo wamkulu asachoke pamalopo ngakhale pang'ono, chifukwa mwana wamng'ono amatha kumira m'madzi ochepa kwambiri. Mukamaliza khuthulani beseni nthawi yomweyo.

Palinso khadi la phala lodabwitsa lija limene limalimba ukalimenya koma n'kuyenderera ukalisiya. Muyeso wake walembedwa molondola: makapu awiri a sitachi ya chimanga pa kapu imodzi ya madzi. Thirani madzi pang'onopang'ono mukuvundula ndi manja. Likachita madzimadzi onjezani sitachi supuni imodzi imodzi, likamang'aluka onjezani madzi. Ufa wamba sugwira ntchito imeneyi, imafuna sitachi yeniyeni. Chimene khadilo laiwala kunena n'chakuti phalali lisatayidwe mu sinki, chifukwa sitachi imakhazikika m'paipi n'kutseka. Lisiyeni liume, mulitaye ku zinyalala.

Kasamalidwe kake sikovuta. Matabwa apukuteni ndi nsalu yonyowa, osawaviika, poti amapindika ndipo mpira umayamba kutuluka m'ngalande. Timachubu todonthezera timasunga madzi kumutu kwake ndipo timachita nkhungu yakuda mkati. Titsukeni popopa madzi oyera kangapo, n'kutiimika kukamwa kuli pansi mpaka titauma. Tikada mkati titayeni, sitingatsukike. Bokosi lenilenilo ndi la katoni yopyapyala, silikhalitsa, ndiye konzani chosungiramo cha pulasitiki chokhala ndi chivindikiro, komanso kathumba kapadera ka tizidutswa ting'onoting'ono.

Kwa mwana wa zaka 2, tulutsani matabwa, mipira inayi ikuluikulu, makapu ndi fanelo basi, zina zonse zidikire. Kuyambira zaka 3 onjezani magiya, maginito ndi timachubu todonthezera, wamkulu ali pompo. Musatulutse zida zonse tsiku limodzi, chifukwa mwana amangodumpha apa ndi apo osazama pa chilichonse. Chida chimodzi kapena ziwiri kwa mphindi 10 mpaka 15 n'zokwana, ndipo ngati akufuna kupitiriza mulekeni apitirize. Kusukulu ya mkaka bokosi limodzi limakwanira ana anayi kapena asanu nthawi imodzi, ndipo kalasi ikakhala yaikulu pamafunika mabokosi awiri, makamaka chifukwa cha matabwawo, amene mwana aliyense amafuna kuyambira pamenepo.