Buledi wopanda gluten: wa m'paketi kapena wophika nokha?

Kwa amene gluten (puloteni yopezeka mu tirigu ndi mbewu zina zofanana naye) imawavutitsa, buledi wa m'paketi amaposa pa chinthu chimodzi: ali ndi muyezo. Malinga ndi Codex, mndandanda wa miyezo ya zakudya ya padziko lonse, chakudya cholembedwa "gluten-free" sichiyenera kupitirira mamiligalamu 20 a gluten pa kilogalamu. Komabe werengani kuseri kwa paketi. Mukaona "may contain wheat", ndiye kuti fakitaleyo imagwiritsanso ntchito tirigu, ndipo fumbi la fulawa limatha kutsalira m'mathireyi ndi pamakina odulira. Odwala celiac, matenda amene gluten imawononga matumbo, amusiye buledi ameneyo.

Wophika nokha ndi ufa wa mpunga, chinangwa kapena mapira ndi wotsika mtengo, koma ngozi yake imabisala. Mumsika wa Zomba, kapu yoyezera fulawa ikhoza kulowanso m'thumba la ufa wina. Ndi bwino kugula mpunga wosagaya, kuusankha, n'kukagayitsa pachigayo chosagaya tirigu. Sefa ndi mthiko zikhale zakezake, chifukwa fulawa amakanirira m'timabowo ndi m'ming'alu. Moto wa uvuni suchotsa gluten.

Konseku samalani mpeni ndi majarini: nyenyeswa za buledi wamba zimalowera pomwepo. Chigumu chogula nacho funsani kaye, ena amathiramo fulawa.