Kodi The Athletic ndi yoyenera ndalama zake kwa wokonda basketball?

Ndakhala ndikulipira kuti ndiziwerenga The Athletic kwa nyengo zingapo za NBA, mpikisano waukulu wa basketball wa ku America, ndipo chimene chandikankha kuti ndilembe ndemangayi ndi mkangano umene mpaka lero sunathe pakati pa ine ndi alamu anga, amene amakonda timu ya Golden State Warriors mochita kudwala nayo ikagonja. Mkanganowo unayambira pa khalidwe la wosewera wachinyamata amene anali wa timuyo, Jonathan Kuminga, koma sipanapite nthawi usanatembenukire kwa olemba nkhani eni ake, chifukwa tonse awiri tinali titawerenga nkhani imodzimodzi ndipo aliyense anatolamo umboni woti mnzakeyo ndiye akulakwitsa.

The Athletic ndi nyuzipepala ya zamasewera ya pa intaneti imene inayambitsidwa m'chaka cha 2016 ndi Alex Mather ndi Adam Hansmann, ndipo inayamba ndi matimu a mumzinda wa Chicago. Lonjezo lake linali lakuti wowerenga azilipira, ndipo iyo izimupatsa mtolankhani wotsatira timu yake tsiku ndi tsiku popanda zotsatsa malonda zomutchingira nkhani. Kampani ya The New York Times inaigula kumayambiriro kwa 2022 pa mtengo wa madola 550 miliyoni, ndipo mu 2023 inatseka nthambi yake yakale ya zamasewera n'kusiyira The Athletic ntchitoyo. Pulogalamu yake ya pafoni ndi yosavuta: munthu amasankha matimu ndi olemba amene akufuna kuwatsatira, ndipo nkhani zawo ndi zimene zimayamba kuoneka. Zolembedwa zonse zili m'Chingerezi, ndipo zina mwa izo n'zodzaza ndi mawu a akatswiri a masewerawa, moti amene wangoyamba kumene kutsatira basketball amafunika kupirira masabata oyambirira.

Pa 4 Januwale 2024, Golden State inagonja pakwawo ndi Denver Nuggets ndi mapointi 130 kwa 127, itataya mapointi 18 amene inkatsogola nawo m'chigawo chomaliza. Nikola Jokić wa Denver anaponya mpira ali pafupi ndi mzere wapakati belu likulira, ndipo unalowa. Kuminga, mnyamata wobadwira ku Goma m'dziko la Democratic Republic of the Congo amene Golden State inamusankha pa nambala 7 pa chisankho cha osewera atsopano a NBA m'chaka cha 2021, anali atachinya mapointi 16 usiku umenewo, komabe mphunzitsi Steve Kerr anamusiya pa benchi kwa mphindi 18 zomaliza zonse. Masewera a NBA amatenga mphindi 48, choncho anakhala pansi kuyambira pakati pa chigawo chachitatu mpaka kumapeto, akuonerera mapointi akusungunuka ngati mchere m'madzi. Tsiku lotsatira The Athletic inatulutsa nkhani ya Shams Charania ndi Anthony Slater yonena kuti mnyamatayo, amene anali ndi zaka 21, wataya chikhulupiriro mwa mphunzitsi wake, ndipo olembawo anati anamva zimenezi kwa anthu amene ali pafupi naye, amene sanatchulidwe mayina.

Alamu anga anandiimbira foni ndisanamalize n'komwe kuwerenga. "Alamu, mwaona mwano wa mwanayu?" anatero. Kwa iwo nkhaniyo inali yachidule: mphunzitsi amene wapambana chikho cha NBA kanayi ndi timu imeneyo sangaphunzitsidwe ntchito ndi mwana wa dzana, ndipo ngati mnyamatayo anali ndi dandaulo, akanagogoda pa khomo la mphunzitsi wake m'malo molitumiza kwa atolankhani. Ine ndinawayankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo munthu amene wasewera bwino n'kuiwalidwa pa benchi m'chaka chake chachitatu, pamene nthawi yokambirana mgwirizano watsopano ikuyandikira, sangayembekezere kuti wina amudandaulire. Ndinawakumbutsanso kuti pa nthawi imeneyo Draymond Green, mkulu wa timuyo, anali ataimitsidwa ndi NBA chifukwa chomenya wosewera wa timu ina, Jusuf Nurkić, kumaso mu Disembala 2023, koma ochemerera ambiri ankati imeneyo ndi mphamvu ya munthu wokonda kupambana, pamene dandaulo la wamng'ono ankalitcha mwano.

Apa m'pamene ndimaona ubwino ndi kufooka kwa The Athletic pa tsamba limodzi. Ubwino wake ndi wakuti nkhaniyo inali yoona ndipo inasintha zinthu, chifukwa Kerr ndi Kuminga anakumana n'kukambirana, mnyamatayo anayamba kupatsidwa mphindi zambiri, ndipo anamaliza nyengoyo akuchinya mapointi 16.1 pa masewera alionse poyerekeza ndi 9.9 a nyengo ya 2022 mpaka 2023. Mtolankhani amene amalowa m'chipinda chovalira cha timu tsiku lililonse ndiye angadziwe kuti zinthu zafika pamenepo. Slater makamaka anali ndi chizolowezi chimene ndimachiyamikira kwambiri, choika tizidutswa ta vidiyo mkati mwa nkhani, kotero kuti akanena kuti wosewera anachedwa kubwerera kukateteza, wowerenga amadzionera yekha mnyamatayo ataima chilili pamene mdani wake akumudutsa kumbuyo. Zoterezi zimachotsa mkangano pa mawu osamveka monga ulesi kapena kudzikuza n'kuuika pa chinthu chimene maso angathe kuchiweruza. Nditaonera tizidutswa tingapo totere, ndinavomereza kuti alamu anga anali ndi mfundo pa chinthu chimodzi, chakuti Kuminga ankakonda kusunga mpira m'manja mu timu imene moyo wake wonse ndi kupatsirana msangamsanga ndi kutchingira katswiri wawo Stephen Curry kuti apeze mpata woponya.

Kufooka kwake ndi kwakuti nkhani yodalira anthu osatchulidwa mayina imamusiya wowerenga mu mdima pa funso lofunika kwambiri, loti amene walankhulayo akufuna kupindula chiyani. Woimira wosewera pa zamalonda amafuna kuti mphunzitsi apanikizidwe, pamene bwana wa timu amene akufuna kutsitsa mtengo wa mgwirizano amafuna kuti mnyamatayo aoneke wovuta, ndipo onse awiri amatuluka m'nkhani atavala chigoba chimodzimodzi cha gwero lodalirika. Vutoli si la The Athletic yokha, chifukwa ndi mmene utolankhani wa NBA umayendera kulikonse, koma munthu amene walipira amayembekezera kuti amuthandiza kusiyanitsa. Nkhani za maganizo zimene zimatsatira mbiri yotere ndi zimene zimandigwetsa ulesi kwambiri, makamaka zikalembedwa ndi munthu amene satsatira timuyo pafupi, chifukwa zimatenga mphekesera ya dzulo n'kuyamba kuyeza nayo mtima wa mnyamata ngati kuti wolembayo anakula naye.

Chitsanzo cha Anthony Edwards chimandichititsa kukayikira aliyense amene amafulumira kugamula za khalidwe. Asanasankhidwe pa nambala 1 ndi Minnesota Timberwolves mu Novembala 2020, nkhani ina ya ESPN, kampani yofalitsa nkhani zamasewera, inamuonetsa akunena kuti mtima wake unali kwambiri pa mpira wa ku America, ndipo kwa miyezi ingapo anthu ankafunsa ngati amaikonda n'komwe basketball. Mu 2022 NBA inamulipiritsa madola 40,000 chifukwa cha mawu onyoza amene analankhula pa Instagram, ndipo pamenepo analakwadi. Koma mnyamata yemweyo ndiye anatsogolera Minnesota kukafika ku ndime yomaliza ya chigawo chakumadzulo mu 2024, malo amene timuyo inali isanafikeko kuyambira 2004, n'kubwererakonso mu 2025, ndipo pakati pake anapata mendulo yagolide pa masewera a Olimpiki ku Paris. M'zaka zonsezo ndinkawerenga Jon Krawczynski, amene amalemba za Minnesota mu The Athletic, ndipo iye ndi mmodzi mwa zifukwa zimene sindinasiyire kulipira. Amalemba ngati munthu amene waona wosewera ataseka, atakwiya ndiponso atatopa, ndipo akamamudzudzula amatchula chimene chinachitika m'bwalo ndi tsiku lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mtolankhani amene wakhala ndi timu imodzi zaka zambiri ali ndi mwayi wodekha umene wolemba wothamangira mutu wa nkhani alibe.

Wina amene ndimamuwerenga mosaphonya ndi John Hollinger, amene anapanga njira yoyezera osewera yotchedwa PER ndipo anagwirapo ntchito ya utsogoleri ku Memphis Grizzlies kuyambira 2012 mpaka 2019. Iye amafotokoza zinthu zimene ochemerera ambiri sitizidziwa bwino, monga malire a ndalama zolipira osewera ndi chifukwa chimene timu ingasiyire wosewera waluso kuti apite. Nthawi zambiri chimene ife timachitcha vuto la khalidwe chimakhala vuto la ndalama ndi mphindi, ndipo munthu akawerenga Hollinger amayamba kuona kuti mnyamata amene akukangana ndi mphunzitsi wake akuwerengera madola mamiliyoni ambiri amene angamudutse ngati ziwerengero zake zikhala zotsika. Nthabwala zake nthawi zina zimakhala zouma, koma mfundo zake zimakhala ndi miyendo.

Chinthu chimene ndimachiwerenga ndi chidwi koma n'kuchita nacho manyazi pambuyo pake ndi kafukufuku wa chaka ndi chaka amene The Athletic imafunsa osewera a NBA mafunso popanda kuwatchula mayina. Funso limene limatchuka kwambiri ndi loti ndani amatamandidwa mopitirira luso lake. Mu 2023 dzina linali la Trae Young, mu 2024 la Rudy Gobert, ndipo mu 2025 la Tyrese Haliburton wa Indiana Pacers. Osewera amene anatchula Haliburton sanakwane 20 mu mpikisano wa matimu 30, komabe mutu wa nkhaniyo unayenda dziko lonse ngati chigamulo cha NBA yonse. Patangopita masabata ochepa, Haliburton anayamba kuponya mipira yopulumutsa timu yake m'masekondi omaliza polimbana ndi Milwaukee, Cleveland, New York ndi Oklahoma City, ndipo anaifikitsa Indiana pa masewera a nambala 7, otsiriza ndi ogamula chikho, a ndime yomaliza, pamene anaduka mtsempha wa chidendene m'chigawo choyamba. Kunena zoona, olembawo amaonetsa chiwerengero cha oyankha m'kati mwa nkhani, koma amadziwanso bwino kuti ambiri adzangoona dzina ndi mutu, ndipo ndimaona kuti nyuzipepala imene imadzitama ndi kuzama siyenera kudalira miseche yopanda mwini kuti ikope anthu.

Pali zosintha zina zimene wofuna kulembetsa ayenera kuzidziwa. Zotsatsa malonda zinayamba kuoneka mu 2022, kotero lonjezo loyamba lija silinasungidwe lonse. Mu 2023 kampaniyo inachotsa atolankhani pafupifupi 20 ndipo inasiya cholinga choti timu iliyonse ikhale ndi mtolankhani wakewake, zomwe zikutanthauza kuti wokonda timu yaikulu amadya bwino pamene wokonda timu yaing'ono amadikirira nyenyeswa. Charania anapita ku ESPN mu Okutobala 2024 kukalowa m'malo mwa mtolankhani Adrian Wojnarowski, choncho amene akufuna kukhala woyamba kumva za kugulitsidwa kwa osewera alibenso chifukwa cholipirira kuno, ngakhale kuti kwa ine zimenezo sizinachepetse kanthu, popeza mbiri yotere imafala paliponse m'mphindi imodzi. Wokondanso mpira wamiyendo wa ku England amapeza zambiri pa malipiro omwewo, chifukwa gawo limenelo linatsegulidwa mu 2019 ndipo ndi lolimba.

Kwa munthu amene amatsatira timu imodzi mozama, ndingamulangize kuti ayambe wafufuza ngati timuyo ili ndi mtolankhani wokhazikika mu The Athletic, awerenge nkhani zake ziwiri kapena zitatu, ndipo aone ngati wolembayo amaonetsa zimene anaona kapena amangobwereza zimene anauzidwa. Ngati alipo ndipo ndi wamtundu wa Krawczynski, ndalamazo sizipita pachabe. Ngati palibe, kapena ngati chimene akufuna ndi zotsatira za masewera ndi tizidutswa ta vidiyo, zimenezo zimapezeka kwaulere ndipo sakufunika kulipira.

Alamu anga sanasinthe maganizo awo pa Kuminga, ndipo nyengo ya 2024 mpaka 2025 itatha mnyamatayo akulowa ndi kutuluka m'gulu la osewera odaliridwa, anandiimbiranso kudzandikumbutsa kuti iwo ananeneratu. Ndinawatumizira nkhani ina yofotokoza chifukwa chake Kuminga ndi Jimmy Butler, wosewera mnzake m'timuyo, ankapanikizana malo akakhala m'bwalo limodzi ndi Green, yokhala ndi zithunzi zoonetsa anthu atatu ataunjikana pansi pa nkhata pamene Curry akusowa popita. Anaiwerenga yonse, kenako anandifunsa ngati ndingawabwereke foni yanga kuti awerengenso ya Hollinger yokhudza mgwirizano wa mnyamatayo, popeza iwo mpaka pano akukana kulipira.