Google Calendar: mmene inandithandizira makampani 4 atandiitana pakamodzi

Ndinatha miyezi 7 ndikutumiza ma CV popanda ondiyankha, kenako m'sabata imodzi makampani 4 anandiitana ku intavyu. Amati mapanga awiri avumbwitsa, nanga anayi? Poyamba ndinkalemba masiku kuseri kwa envulopu, mpaka tsiku lina pa foni ndinatchula udindo wa kampani ina kwa mayi wa kampani inanso. Anangoti phee, kenako n'kundikonza mwaulemu. Manyazi ake sindidzawaiwala.

Usiku womwewo ndinatsegula Google Calendar, kalendala ya pa foni ndi pa kompyuta. Inayamba mu 2006, ndi yaulere kwa aliyense amene ali ndi Gmail, ndipo inali m'foni mwanga nthawi yonseyi ine osaigwira.

Chimene ndinakonda kwambiri si chikumbutso ayi, koma kabokosi kolembamo zambiri pansi pa intavyu iliyonse. Mmenemo ndinkalemba dzina la udindo, CV imene ndinawatumizira (ndinali nazo zitatu zosiyana), malipiro amene ndinatchula, ndi tsiku limene ndinalonjeza kuti ndingayambe ntchito. Zamalipirozi musazione mopepuka. Ukauza awa ndalama ina, awo ina, pa intavyu yachiwiri umayamba chibwibwi. Mphindi 10 tisanayambe ndinkangowerenga kabokosiko, mtima n'kukhala m'malo.

Kampani iliyonse ndinaipatsa mtundu wake. Imene ndinkaifunitsitsa inali yofiira, moti ena akapempha nthawi yoyandikana ndi yofiirayo ndinkawapempha tsiku lina. Palibe amene anakwiya. Ambiri amangofuna uwapatse masiku awiri kapena atatu oti asankhepo.

Pa nkhani ya nthawi chenjerani. Kampani ina inali ku London. Akakutumizirani kalata yoitanira ya pa Teams kapena Google Meet (mapulogalamu ochitira misonkhano pa intaneti) n'kuivomera, kalendala imasintha yokha olalo kukhala la kwanuko. Koma akangolemba mu imelo kuti 3 koloko masana, inu n'kulowetsa pamanja, muyenera kusankha nokha kuti ndi nthawi ya kuti. Ndinatsala pang'ono kuphonya, cholakwa changa.

Chimene kalendala singakuchitireni ndi kusiya mpata. Lachitatu lina ndinaika intavyu ina 10 koloko, ina 11 koloko, poganiza kuti ola n'lokwanira. Oyambawo anatalikitsa, ndipo kwachiwiriko ndinalowa kukhosi kuli gwa, ndisanamwe ngakhale madzi. Kuyambira pamenepo ndimatseka mphindi 45 pambuyo pa intavyu iliyonse ngati kuti ndi msonkhano weniweni.

Kwa amene akufunsira ntchito malo 20 kapena 30, kalendala yokha siikwanira, pamafunikanso tebulo la Google Sheets. Kwa anayi angawa inandikwanira. A kampani ya mtundu wobiriwira atandipatsa ntchito ofiira asanayankhe, ndinapempha masiku 5 oti ndiganize, n'kulemba tsiku lomalizalo m'kalendala ndi zikumbutso ziwiri. Kenako ndinalembera ofiira kuwauza kuti ndili ndi mpaka Lachisanu. Anandiitana Lachinayi m'mawa.