Kiliniki ya ana yomwe inafunsa za pakhosi ife tikudandaula za manja ndi khalidwe

Mwana akasintha mwadzidzidzi, manja n'kumagwedezeka okha, iye n'kumalira popanda chifukwa, makolo amafunika dokotala wodekha amene sathamangira kunena kuti ndi khunyu kapena mwano. Dokotala wotero ndinamupeza pa kiliniki ina ya ana yolipira muno mu Blantyre, yomwe sindiitchula dzina chifukwa ndili ndi zoyamikira komanso zodandaula.

Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 ankagwetsa kapu ndi supuni, zolemba zake m'kope zinasokonekera, ndipo anayamba kusamba m'manja kosalekeza poopa litsiro. Achibale ena ankati walodzedwa. Adokotala atatsimikiza kuti alibe malungo, anamuuza kuti awafinye zala ndi kutulutsa lilime, anafuna kudziwa ngati kugwedezekako kumaleka akagona, kenako anati: "Mayi, kodi mwanayu anadwalapo zilonda zapakhosi miyezi yapitayi?" Anadwaladi, ndipo zinali zitapola zokha.

Chomwe ndikuyamikira koposa ndi mmene anafotokozera nkhaniyi m'Chichewa chomveka, osaonetsa kuti nthawi ikuwathera. Anati pali bakiteriya wotchedwa streptococcus wa gulu A amene amayambitsa zilonda zapakhosi, ndipo mwa ana ena asilikali a m'thupi, polimbana naye, amalephera kusiyanitsa mdani ndi ziwalo za mwini thupi, choncho amaukira mavavu a mtima, molumikizana mafupa, ndi chigawo cha ubongo chotchedwa basal ganglia chomwe chimathandiza kuwongolera kayendedwe ka thupi ndi zizolowezi. Ubongo ukakhudzidwa motere matendawa amatchedwa Sydenham's chorea, potengera dzina la Thomas Sydenham, dokotala wa ku England amene anawafotokoza mu 1686. Ndi mbali ya rheumatic fever, nthenda yomwe imabwera asilikali a m'thupi akamaukira ziwalo motere, ndipo imagwira kwambiri ana a zaka 5 mpaka 15, ndipo kugwedezekako kumatha kuoneka patapita miyezi pakhosi patapola, n'chifukwa chake makolo ambiri sagwirizanitsa ziwirizi.

Ine ndinali nditawerengapo pa intaneti za PANDAS, matenda amene Susan Swedo ndi anzake a ku National Institute of Mental Health ku America anawalongosola mu 1998 atafufuza ana 50, omwe anayamba mwadzidzidzi kubwerezabwereza zochita kapena kuphethiraphethira atadwala streptococcus. Nditafunsa, adokotala sanandinyoze ndiponso sanangondivomereza kuti ndisangalale. Anandiuza kuti akatswiri akadatsutsanabe pa PANDAS, kuti palibe kuyeza magazi komwe kumatsimikiza matendawo, ndiponso kuti kuyeza magazi kotchedwa ASO kumangoonetsa kuti thupi linakumanapo ndi bakiteriyayo. Kwa mwana wogwedezeka ngati wanga, anati choyamba kuganizira ndi rheumatic fever, popeza ikanyalanyazidwa imawononga mtima kwa moyo wonse. Kunena zoona koteroko n'kosowa pamalo amene munthu amalipira, pomwe kukanakhala kosavuta kutilembera mayeso ambirimbiri odula.

Makina ojambulira mtima alibe, choncho anatilembera kalata yopita nayo ku Gulupu, pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Zotsatira zitabwera anamuyambitsa jekeseni wa benzathine penicillin wa masabata 4 alionse, yemwe ayenera kubayidwa kwa zaka zambiri kuti bakiteriyayo asadzutsenso matenda. Jekeseniyu ndi wowawa, ndipo anamwino awo amadziwa kumunyengerera mwana asanamubaye. Kugwedezeka kunayamba kuchepa pang'onopang'ono, monga anatichenjezera kuti zimatenga masabata kapena miyezi.

Zodandaula zilipo, ndipo si zazing'ono. Mitengo siilembedwa poonekera, moti munthu amadziwa za ndalama akafika kale polipirira, mwana atayezedwa. Tsiku lina jekeseni anali atatha ndipo palibe amene anatiimbira foni, chikhalirecho kudumphitsa mankhwalawa ndi kumene anatiletsa iwo omwe. Chachikulu n'chakuti alibe katswiri wa zamaganizo a ana. Mantha a litsiro ndi kulira kuja kumafuna uphungu wophunzitsa mwana kulimbana ndi maganizo omuvutitsa, koma anangotiuza kuti tikafufuze kwina osatilozera kwenikweni. Kalata yofotokozera aphunzitsi kuti mwana sakuchita dala ndinachita kuipempha mobwerezabwereza, pamene ndi kusukulu komwe ankasekedwa kwambiri.

Amene angakwanitse kulipira adzapeza kuunika kosamala pa ulendo woyamba, koma afunse mitengo asanalowe ndipo aziimba foni tsiku la jekeseni lisanafike. Atenge buku la kuchipatala la mwana, makope ake a kusukulu akale ndi atsopano, komanso vidiyo ya pafoni yoonetsa kugwedezekako, chifukwa adokotalawa amazionadi zinthu zimenezi asanalembe mankhwala.