Mfuti yanga ya Baikal, patatha zaka zitatu

Akuba atandikokolera ng'ombe zinayi usiku umodzi kuno ku Ngabu, mlamu wanga anandiuza kuti ndigule kamfuti kam'thumba. Ndinakana. Kameneko kamafuna dzanja lozolowera, ndipo mwana akhoza kukatola ngati choseweretsa. Ndinasankha Baikal ya mpope umodzi, ya saizi 12 (muyezo wa kukula kwa mpope), yopangidwa ku Russia.

Ubwino wake ndi kuphweka. Umaithyola pakati, kulowetsa chipolopolo chimodzi, kutseka, basi. Ikakhala yothyola aliyense amaona ndi maso kuti mulibe kanthu, ndiye mayi a kunyumba mtima unakhala pansi. Fumbi la mu Okutobala siliisokoneza. Chinyezi cha dzinja ndiye mdani: chaka cha namondwe Freddy, 2023, ndinaiiwala milungu iwiri osapaka mafuta, dzimbiri linayamba kale kudya mpope.

Koma imakankha, abale! Ndi yopepuka, choncho mphamvu yonse imathera paphewa. Tsiku loyamba ndinagonera mbali imodzi. Komanso chipolopolo n'chimodzi. Ukaomba uyenera kuithyolanso, mumdima, manja akunjenjemera.

Chiphaso cha apolisi chinanditengera maulendo angapo, ndipo chimafuna kukonzanso nthawi yake ikatha. Za magogodera ogula mobisa musandiuze, imeneyo ndi ndende.

Imakhala m'bokosi lachitsulo lokiya, zipolopolo kwina. Zaka zitatu zonsezi ndaomba kamodzi kokha usiku, ndipo anali fisi. Kunena zoona, amene amandidzutsa ndi agalu anga awiri ndi getsi la sola la pakhola, zomwe zinanditengera ndalama zochepa kwambiri. Wopanda khola lalikulu ayambe ndi zimenezo.