Ndemanga pa buku la Myths from Mesopotamia, monga ndinaliwerengera ku Mulanje

Buku ili ndinaligula lakale kwa wogulitsa mabuku wina ku Limbe, chikuto chitapindika kale, koma ndinadzaliwerenga mofatsa kuno kwathu ku Mulanje m'nyengo ya dzinja, pamene mvula imagwa usiku wonse ndipo munthu amagona khutu lili ku mtsinje. Dzina lake ndi Myths from Mesopotamia, ndipo analimasulira m'Chingerezi ndi Stephanie Dalley kuchokera m'chiyankhulo cha anthu a ku Akkad ndi Babylon, amene ankakhala pakati pa mitsinje ya Tigris ndi Euphrates, m'dziko limene lero ndi Iraq. Linatuluka koyamba mu 1989 ku Oxford University Press, ndipo analikonzanso mu 2000. M'kati mwake muli nthano ya Atrahasis, ya Gilgamesh, ya kulengedwa kwa dziko, ya ulendo wa Ishtar wopita kumalo a akufa, ya Etana, ya Adapa ndi zina zingapo.

Chinthu choyamba chimene wogula ayenera kudziwa n'chakuti bukuli silisalala ngati nthano ya agogo ya pabwalo. Nthanozi zinalembedwa pa mapale a dongo podinda ndi bango, ndipo mapale ambiri anapezeka osweka, monga aja a m'nyumba yosungira zolembedwa ya mfumu Ashurbanipal ku Nineveh, amene anafukulidwa m'zaka za m'ma 1850. Womasulirayo sanafune kumata ming'alu ndi mawu ake, choncho pamene dongo linagumuka amasiya mpata, nthawi zina mizere yambiri, ndipo nkhani imaduka pamene mtima wayamba kuthamanga. Poyamba zinandivuta, koma pambuyo pake ndinazilemekeza, chifukwa ndimadziwa pamene akuyankhula ndi mlembi wakale ndi pamene akuganizira ndi katswiri wa lero. Zilembo ndi zing'onozing'ono, Chingerezi chake n'cholimba pang'ono, ndipo mayina a milungu ndi ambiri, kotero kuti mndandanda wa mayina umene uli kumapeto ndi wofunika kuuika chala nthawi zonse.

Nthano imene inandigwira mtima koposa ndi ya Atrahasis, imene mapale ake odziwika bwino analembedwa m'zaka za m'ma 1600 Yesu asanabadwe. Imayamba ndi milungu ing'onoing'ono yotchedwa Igigi ikukumba ngalande ndi mitsinje m'malo mwa milungu ikuluikulu, mpaka inatopa, n'kutentha zipangizo zake, n'kuzinga usiku nyumba ya Ellil, mmodzi wa milungu ikuluikuluyo. Pofuna kuthetsa mkanganowo, Enki, mulungu wa nzeru, pamodzi ndi mulungu wamkazi wa uchembere anaumba munthu ndi dongo losakaniza ndi magazi a mulungu mmodzi amene anaphedwa, kuti munthuyo asenze katundu amene milungu inamukana. Munthu wobadwira ku Mulanje kapena ku Thyolo, amene anamva kwa akuluakulu za thangata ya pa minda ya azungu, safunika kumufotokozera tanthauzo la kulengedwa kuti ugwirire ntchito mwini malo. Ndinaliika pansi bukuli pamenepo, ndipo ndinakumbukira agogo anga aamuna, amene sankatchula mawu akuti thangata popanda kukhala chete kwa kanthawi.

Anthu aja atachuluka, phokoso lawo linamulanda Ellil tulo. Iye anatumiza mliri, kenako chilala ndi njala, ndipo pomalizira chigumula. Enki, amene analumbira kuti saulula chinsinsi cha milungu, anayankhula ndi khoma la bango la nyumba ya munthu wotchedwa Atrahasis m'malo moyankhula ndi mwini wake, ndipo Atrahasis anamva, napasula nyumba, napanga chombo. Chigumula chinatenga masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku. Chodabwitsa n'chakuti milungu yomweyo inalira ndi kumva njala, popeza panalibenso woipatsa nsembe, ndipo nsembe yoyamba itaperekedwa inaunjikana pa iyo ngati ntchentche.

Owerenga a masiku ano amaimva mosiyanasiyana nkhaniyi. Ambiri amathamangira kwa Nowa, ndipo n'zomveka, chifukwa mu 1872 George Smith wa ku British Museum atalengeza ku London kuti wawerenga phale lonena za chigumula, anthu anazizwa kumva za chombo chimene chinaima pa phiri ndi za mbalame zotumidwa kukaona ngati madzi aphwa. Phale limenelo ndi la nambala 11 mu nthano ya Gilgamesh, m'mene Ut-napishtim, munthu wopulumuka chigumula m'nthanoyo, amatumiza njiwa, namzeze ndi khwangwala. Ine ndikuona kuti kungofunsa kuti anatengera mnzake ndani kumatiphonyetsa kusiyana kwakukulu, pakuti m'buku la Genesis chigumula chimabwera chifukwa cha kuipa kwa anthu, pamene mwa Atrahasis chimabwera chifukwa cha phokoso. Akatswiri ena amati phokosolo likuimira kuchulukana kwa anthu, ndipo umboni wawo uli kumapeto kwa nthanoyo, kumene milungu imakhazikitsa akazi osabereka, chiwanda chokwatula makanda, ndi akazi otumikira kukachisi amene saloledwa kubereka. Ena amati phokosolo ndi kugalukira, kofanana ndi kuja kwa Igigi. Ndemanga za womasulira ndi zazifupi ndipo sizikakamiza wowerenga, chimene ndinachiyamikira, ngakhale kuti wophunzira amene akuyamba kumene angafune kufotokozeredwa zambiri.

Ife a kuno tili ndi khomo lathulathu lolowera m'nthanoyi. Madzi ndi miyala zitatsika m'phiri ku Phalombe mu Marichi 1991, akuluakulu anati wadutsa Napolo, ndipo namondwe wa Freddy atakokolola midzi mu Marichi 2023, dzina lomwelo linamvekanso pa maliro ndi m'misasa ya anthu othawa madzi. Amene amanena za Napolo sakana kuti mvula inagwa yambiri kapena kuti mitengo inatha m'mbali mwa phiri. Iwo akufunafuna mawu okwanira kukula kwa chimene chinawaonekera. Ndikukhulupirira kuti alembi a ku Babylon, amene mitsinje yawo inkasefukira, ankachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi owerenga amene amaona nthanozi ngati umbuli wa anthu akale, komanso sindigwirizana ndi amene amazisandutsa ulosi wa kusintha kwa nyengo, ngati kuti mlembi wa zaka zoposa 3,500 zapitazo ankalembera ife. Iye ankalira maliro a kwawo, ndipo ife tikumumva chifukwa nafenso tinaikapo abale athu.

Nthano ya Gilgamesh, mfumu ya ku Uruk, ndi yaitali kuposa zonse m'bukuli, ndipo mbali imene inandikhudza ndi ya ulendo wake ndi bwenzi lake Enkidu wokapha Humbaba, mlonda wa nkhalango ya mikungudza, n'kudula mitengo yake. Aliyense amene anakwerapo phiri la Mulanje n'kuona zitsa za mkungudza wathu, mtengo wa fuko umene watsala pang'ono kutheratu, adzawerenga mbali imeneyi ndi mtima wolemera. Pamenepa ndi pamene ukalamba wa bukuli ukuonekera. Mu 2014 akatswiri anafalitsa chidutswa china cha phale lachisanu, chosungidwa ku Sulaymaniyah ku Iraq, chimene chimafotokoza nkhalangoyo ili yodzaza ndi kulira kwa mbalame ndi anyani, ndipo chimasonyeza Enkidu akuzindikira kuti aisandutsa bwinja. Mizere imeneyi simungaipeze m'buku limene linakonzedwa mu 2000, ndiye amene akufuna Gilgamesh yekha angachite bwino kufunafuna kumasulira kwatsopano.

Kwa aphunzitsi a mabuku ndi a mbiri yakale, kwa abusa ndi ophunzira za Baibulo, ndiponso kwa aliyense wodziwa Chingerezi amene ali ndi chipiriro chowerenga nkhani yoduka, ndikulivomereza bukuli ndi mtima wonse, makamaka lokonzedwanso la mu 2000. Langali ndabwereketsa mkulu wa mpingo wa m'mudzi mwathu, amene anandipempha kuti Loweruka likubwerali tidzakhale pansi ndi kuyerekeza Atrahasis ndi Genesis mutu 6 mpaka 9.