Lole kapena mphoto: abweze ndani njinga kumtunda?

Amene anatsikapo pa njinga kuchokera ku Mulunguzi kupita kumsika wa Zomba akudziwa kuti ulendowo ndi wa mabuleki okhaokha. Kubwerera ndiye kumafuna msana. Vuto lomweli ndi limene limasowetsa tulo makampani obwereketsa njinga m'mizinda ikuluikulu. Munthu amatenga njinga pa siteshoni imodzi n'kukaisiya pa ina, ndiye pofika 9 koloko kumtunda kulibe ndi imodzi yomwe, pomwe kumunsi zadzaza moti wobwera mochedwa amasowa poikoleka. Ku Paris, komwe dongosolo lobwereketsa njinga la Vélib' linayamba mu 2007, chitunda cha Montmartre chinkawazunza choncho.

Njira yodziwika ndi ya lole. Antchito amazungulira kutola njinga pomwe zaunjikana n'kukazitula pomwe zasowa. Lole imanyamula zambiri ulendo umodzi, komanso antchitowo amaonera pompo yomwe yaphwa tayala kapena yaduka tcheni. Koma imamwa mafuta, imafuna dalaivala ndi wothandiza wake, ndipo nthawi imene anthu akulimbirana njinga ndi yomweyonso magalimoto athinana mumsewu. Kwathu kuno onjezeranipo masiku aja ogona pamzere wa dizilo.

Ina ndi yonyengerera okwera omwewo. Vélib' inkapatsa mphindi 15 zaulere munthu amene wakasiya njinga pa siteshoni ya pamtunda. Ku New York, Citi Bike ili ndi dongosolo la Bike Angels: ukachotsa njinga pomwe zadzaza n'kukaiika pomwe palibe, umalandira mapointi osinthitsa ndi mphoto. Sipafunika dizilo, ndipo okwerawo ali kale ponseponse. Pomwe imafookera ndi poti munthu sungamulamule. Mvula ya Januwale ikagwa mphindi 15 sizikoma, ndipo sindikuona mapointi amene angakweze munthu kukafika Ku Chawe.

Za magalimoto obwereka n'zolemera kuposa apa, chifukwa iliyonse imafuna woiyendetsa wake. N'chifukwa chake Zipcar kawirikawiri imati galimoto uibweze pomwe unaitenga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Njinga zobwerekazi zitati zabwera ku Zomba, ine lole ndingaisiyire usiku ndi njinga zowonongeka basi. Anthu athu mayendedwe awo ndi odziwikiratu: m'mawa kuchokera ku Chinamwali, Matawale, Sadzi ndi Mpondabwino kulowera m'tauni ndi ku Chirunga, madzulo kubwerera. Njinga zambiri zingabwerere zokha ndi eni ulendo, zotsala ndi za kumitunda zija.

Ndipo achimwene athu akabaza ntchitoyi amaigwira kale tsiku ndi tsiku osaitchula dzina. Akatsitsa kasitomala ku Matawale amapalasa kubwerera pasiteji, kapena amaima pomwe aona kuti anthu achuluka. Amenewa musawapatse mapointi ayi. Apatseni ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba pa njinga iliyonse imene aikweza ku Old Naisi, ndipo mtengo wake ukwere molingana ndi chitundacho.